SINGANO NAYONSO NDI CHIDA CHA MLIMI

Mvula ikakata, chimanga n'kulowa m'nkhokwe, alimi ambiri amayesa kuti ntchito ya chaka yatha. Khasu limakolekedwa pakhonde, ndipo limakhala pomwepo kufikira nthawi yososa. Komatu kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Okutobala pali miyezi 6 yathunthu, ndipo banja limene ligwiritsa bwino miyezi imeneyi silidya nsima ndi mchere wokha pamene dzuwa lafika poswa mtengo.

Ife alangizi tikapempha mlimi kuti atiwerengere zida zake, amatchula khasu, nkhwangwa, chikwanje ndi chikwakwa, ndipo amene zinthu zinamuyendera amawonjezapo ngolo ndi pulawo. Singano saitchula konse. Chifukwa chake m'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti kachitsulo kameneka kali ndi ntchito yaikulu pa ulimi wa pakhomo. Singano imasoka kathumba kosungira mbewu. Mbewu yosungika bwino imadzala dimba pa nthawi yake. Dimba limapereka ndiwo, mbatata ndi nthochi, ndipo zina mwa izi zikalowa mumphika zimatuluka zili chigumu chodyetsa ana kapena chogulitsa. Ntchito zitatuzi zili ngati mafuwa: likachoka limodzi, mphika sukhazikika.

MAKOLO ATHU ANALI KUZIDZIWA

Pali amuna ena amene amati kusoka ndi ntchito ya akazi, ndipo amachita manyazi kuoneka atagwira singano. Amenewa aiwala mbiri ya kwawo. Kale amuna ndiwo anali kusenda makungwa a mombo ndi kuwasula kuti ikhale nyanda. M'chaka cha 1859, pamene David Livingstone anayenda m'chigwa cha Shire, anapeza Amang'anja ali kulima thonje kaja, ndilo thonje la makolo, pamodzi ndi thonje manga, lochokera kunja, ndipo anali kupota ulusi ndi kuomba nsalu m'midzi mwawo momwe. Amuna ndiwo anali kukhala pansi kuomba nsaluzo. Ngakhale lero, mukayenda m'makonde a masitolo, atelala ambiri amene mudzawaona ali kupalasa makina ndi amuna.

Pa sukulu ya Jeanes ku Domasi, imene inatsegulidwa mu 1929, aphunzitsi anali kupita pamodzi ndi akazi awo, ndipo akaziwo anali kuphunzira kusoka, kuphika ndi kusamala ana, kuti pobwerera kumudzi banja lonse likhale chitsanzo. Motero zimene tili kunena pano si zachilendo. Tili kungokumbutsana nzeru imene yayamba kuzilala chifukwa cha kuchuluka kwa kaunjika ndi timapepala ta mbewu ta m'sitolo.

ZIDA ZAKE NDI MISOKO IWIRI

Palibe chofunira makina pa zinthu zimene tidzazitchula. Zofunika ndi izi: singano ziwiri, ina yaing'ono ina yokulirapo, ulusi woyera ndi wakuda, sizasi kapena lumo lakuthwa, ndiponso nsalu zakale zochapa bwino. Chitenje chimatha msanga pakati pamene chimakhalidwa, koma m'mbali mwake chimakhala chikadali cholimba. Malaya amayamba kutha pakhosi ndi m'zigongono, msana wake uli bwinobwino. Mbali zolimbazo ndizo tifuna.

Nsalu yoyenera ndi ya thonje. Zovala zambiri za masiku ano n'za nayiloni kapena zosakaniza, ndipo ndi maso okha n'kovuta kuzisiyanitsa. Solani kaulusi kamodzi pa nsaluyo ndipo mukayandikize ku moto. Ulusi wa thonje umayaka ngati pepala, nusiya phulusa lofewa. Wa nayiloni umasungunuka, nukhwinyata kukhala kampira kolimba. Nsalu yotereyi isayandikire mphika, pakuti ikasungunuka imakanirira pakhungu ndipo bala lake limakhala loipa koposa la khala.

Misoko yofunika kuiphunzira ndi iwiri yokha. Woyamba ndi uja singano imangolowa ndi kutuluka kumka kutsogolo. Umenewu ndi wofulumira, ndipo ndi wabwino pogwiriziza nsalu ziwiri musanazisoke kwenikweni. Wachiwiri ndi wobwerera m'mbuyo: singano ikatuluka, muibwezere pamene panathera ulusi, ndipo ikatulukirenso patsogolo. Msoko umenewu ndi wolimba monga wa makina, ndipo susiya mipata. Ulusi usatalike kuposa mkono wanu kuchokera ku chala kufika pa phewa, chifukwa wautali umapotana ndi kumanga mfundo. Pomaliza musangodula, koma bwerezani katatu pamalo amodzi, ndipo kenaka mudule.

KATHUMBA KA MBEWU

Chaka ndi chaka timaona madimba ochedwa kudzalidwa, ndipo tikafunsa chifukwa chake, yankho limakhala limodzimodzi: mbewu inasowa. Wina anaikulunga m'kapepala naisomeka kutsindwi, makoswe nadya. Wina anaithira m'jumbo isanaume, ndipo inachita nkhungu. Wina anaisunga bwino ndithu, koma anaiwala kuti ndi ya chaka chiti, nadzala mbewu yakufa. Pofika pokapempha kwa mnansi kapena kupeza ndalama yogulira ina, masabata atatu kapena anayi apita, ndipo chinyontho cha m'dambo chatsika.

Kathumba kamasokedwa motere. Dulani nsalu ya thonje yolukana kwambiri, mainchesi 6 m'lifupi ndi mainchesi 16 m'litali. Pindani inchi imodzi ku nsonga zonse ziwiri ndi kusoka mpendero, kusiya njira yodzera chingwe. Tsono pindani nsaluyo pakati, kunja kwake kuli kunja komweko, ndipo musoke mbali ziwiri pafupi ndi mphepete. Tembenuzani kathumbako, musokenso kachiwiri mbali zomwezo ndi msoko wobwerera m'mbuyo, kuti mphonje zonse zitsekeredwe m'kati mwa msoko. Mukakatembenuzanso, kathumba katha. Kusoka kawiriku musakuyese kutaya nthawi, pakuti njere za mpiru ndi za bonongwe n'zazing'ono ngati mchenga, ndipo zimapulumukira pa kampata kalikonse. Chingwe chilowetseni ndi pini kapena kamtengo.

Kathumba kalikonse kakhale ndi chizindikiro. Wodziwa kulemba alembe dzina la mbewu ndi chaka chake pansalu pomwepo. Amene kulemba kumamuvuta asoke chizindikiro ndi ulusi wa mtundu wina: mtanda umodzi ukhale wa mpiru, mitanda iwiri ya matimati, mzere ukhale wa therere. Banja limodzi liyenera kukhala ndi timatumba 6 kapena 8, ndipo chitenje chimodzi chakale chimakwanira tonseti.

Ubwino wa nsalu ndi wakuti imapuma, kotero kuti mbewu imapitiriza kuuma ili m'katimo. Koma nsalu yokha siletsa khoswe kapena chinyezi cha m'dzinja. Chifukwa chake kolekani timatumbato pamalo a mthunzi podutsa mphepo kwa masabata awiri, ndipo mbewu ikauma gwaa, tiikeni tonse mumtsuko kapena m'chitini chouma chokhala ndi chivundikiro chothina. Pansi pa chitinicho thirani phulusa losefa lozizira. Nyemba ndi khobwe, zimene anankafumbwe amazikonda, muzisakanize ndi phulusa lomwelo musanazithire m'kathumba. Chitini chikhale pamalo ozizira, kutali ndi moto ndi dzuwa, chifukwa kutentha ndi chinyezi ndizo zimapha mbewu.

MBEWU YOYENERA KUSUNGA

Si mbewu iliyonse imene iyenera kathumba. Ngati pa pepala la mbewu yogula palembedwa F1, dziwani kuti ndi ya haibulidi. Chaka choyamba imabereka bwino, koma njere zake zikadzalidwanso zimatuluka zosiyanasiyana, zina zazitali zina zazifupi, ndipo zokolola zimachepa. Mbewu zosunga ndi zathu zamakolo pamodzi ndi zina zosakhala za haibulidi: mpiru, bonongwe, luni, therere, maungu, khobwe, nyemba, ndi matimati a kumudzi.

Kulakwa kwakukulu kumene timakuona ndiko kutenga mbewu pa zotsalira. Munthu amathyola masamba onse abwino, nagulitsa matimati onse aakulu, ndipo pamapeto pake amatenga njere pa chomera chofooka chimene chinatsala. Mwana amatengera kholo lake. Sankhani mitengo 4 kapena 5 ya mpiru yonenepa, yopanda matenda, imene yachedwa kutulutsa maluwa, ndipo muimange kansanza kofiira kuti aliyense pakhomo adziwe kuti imeneyo sithyoledwa. Zikhokhombe zake zikayamba kufiirira, dulani ngala zonse m'mawa zisanayambe kuthetheka, mukazimalizitse kuumitsa palichero.

Matimati afuna njira yawoyawo. Finyirani njere pamodzi ndi madzi ake m'kapu, muzisiye masiku awiri kapena atatu kuti zisase. Kusasako kumachotsa kuterera kumene kumakuta njere ndi kuziletsa kumera. Tsukani ndi madzi oyera. Njere zabwino zimamira, ndipo zoyandama muzitaye. Ziyanikeni m'mbale pa mthunzi. Njere za dzungu zitengedwe pa dzungu lokhwima limene mwalidya ndi kuona kuti ndi lotsekemera. Therere lisiyeni liumire pa mtengo pake.

Njere za matimati, maungu ndi mpiru zikauma bwino zimatha kukhala zaka zitatu zikadali zamoyo, koma za anyezi sizidalirika chikatha chaka chimodzi. Musanadzale mbewu yakale, iyeseni ndi kansalu. Werengani njere 20, muziyale pa kansalu konyowa, mukakulunge ngati mphasa ndi kukaika m'mbale yovundikira, osalola kuti kaume. Pakatha masiku 7 kapena 10 funyululani. Zikamera 16 kapena kuposerapo, mbewuyo ndi yabwino. Zikamera pakati pa 10 ndi 15, fesani mothithikana. Zikalephera kufika 10, funani mbewu ina nthawi ikadalipo.

Akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma. Mu 1949 mvula inadula mbewu zili zazing'ono, ndipo njala inavuta kwambiri, makamaka m'boma la Blantyre. Mu 2002 njala inabweranso. Chaka cha njala nkhokwe imatha msanga, ndipo ndalama iliyonse imapita ku chimanga, osati ku mbewu ya ndiwo. Pamenepo timatumba tija, timene sititenga malo oposa chitini chimodzi, timakhala chuma chenicheni.

DIMBA LA PAKHOMO

Dimba lisakule kuposa madzi anu ndi mphamvu zanu. Mabedi anayi osamalidwa bwino amaposa mabedi 12 ofota. Bedi likhale mita imodzi m'lifupi, kuti dzanja lifike pakati popanda kuponda, ndipo m'litali likhale mamita 3 kapena 4. Pakati pa mabedi siyani kanjira. M'chilimwe bedi likhale lolowa pansi pang'ono kuti lisunge madzi. M'dzinja likhale lokwera kuti madzi asadikhe. Pa mita iliyonse thirani ndowa imodzi ya manyowa owola bwino ndi kuwasakaniza ndi dothi. Manyowa aawisi amaotcha mizu ndipo amabweretsa udzu. Ngati dimba lili kumtsinje, musalime kufika m'mphepete mwenimweni; siyani bango ndi udzu kuti zigwire gombe.

Mpanda uyambe kumangidwa mbewu isanafesedwe. Nthawi ya chilimwe mbuzi ndi nkhuku zimayenda momasuka, ndipo ntchito ya mwezi wathunthu ikhoza kutha m'mawa umodzi.

Mpiru, repu, matimati ndi anyezi zimayambira pa nazale. Fesani m'timizere tosazama, mukwirire pang'ono, ndipo muphimbe ndi udzu wouma wopanda njere. Mbewu ikamera chotsani udzuwo ndi kuukweza pa kathandala kuti upereke mthunzi. Mpiru umaokeredwa patatha masabata atatu kapena anayi, uli ndi masamba 4, motalikirana masentimita 30. Matimati atalikirane masentimita 60, ndipo aliyense akhale ndi mtengo wake womangirirapo. Pomangapo gwiritsani timizere ta nsanza zotsala posoka, chifukwa n'tofewa ndipo sitidula tsinde monga amachitira waya. Okerani madzulo, dzuwa litapepa, ndipo muthirire pomwepo.

Musafese mbewu yonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono masabata atatu alionse, kuti bedi lina likamatha, lina likhale likuyamba. Thirirani mokwanira kuti madzi alowe pansi, pakuti kungowaza pamwamba kumachititsa mizu kukhala pamtunda, ndipo mbewu imafota dzuwa likangokwera. Phimbirani nthaka ndi udzu kapena masamba a nthochi ouma, ndipo mudzaona kuti maulendo a kuchitsime achepa. Matimati asabwerere pa bedi limene panali matimati, tsabola kapena mbatatesi, chifukwa matenda awo ndi amodzi. Pamenepo ikanipo nyemba kapena anyezi.

Kumapeto kwa dimba, kumene kumathera madzi, bzalani nthochi ndi mizere iwiri ya mbatata yofiira m'kati. Mitundu monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika ndi Mathuthu ili ndi vitamini A, amene amathandiza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana pa matenda. Mizere iwiriyi ili ndi phindu lachiwiri: imasunga kholowa wamoyo chilimwe chonse, kotero kuti mvula yoyamba ikagwa muli nayo kale mbewu yokabzala kumunda.

Ndiwo zikachuluka, zifutseni. Amayi athu amadziwa kale kuwiritsa pang'ono nkhwani, chitambe ndi khwanya, kuziyanika, ndi kuzimanga m'chikwatu. Chimene tiwonjezapo ndi chakuti mfutso woumira pa mthunzi podutsa mphepo umasunga mtundu wake ndi mphamvu yake koposa woumira padzuwa lamphamvu. Choyanikirapo chikhoza kusokedwa polumikiza masaka anayi otumbula. Koma chenjerani: thumba limene munali feteleza, mankhwala, kapena mbewu yogula yopakidwa utoto lisakhudze chakudya, ngakhale mutalichapa. Masikito nawonso ntchito yake ndi kuteteza anthu ku malungo, ndipo ali ndi mankhwala. Asasanduke mpanda kapena choyanikirapo.

ZOSOKA ZITATU ZA KUKHITCHINI

Choyamba ndi chogwirira mphika. Amayi ambiri amaphula mphika ndi nsonga ya chitenje chimene avala, mwana ali kumbuyo. Nsongayo ikagwira moto, ngozi imagwera anthu awiri. Dulani nsalu ziwiri za thonje, mainchesi 8 mbali zonse, ndipo pakati pake muikepo zigamba zitatu kapena zinayi za nsalu yokhuthala, monga ya buluku lakale la kaki. Gwirizizani zonse pamodzi, musoke kuzungulira, ndiponso musoke mizere iwiri yopingasa kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya inzake, kuti za m'kati zisaunjikane pochapa. Pa ngodya imodzi sokererani kachingwe kokolekera. Musoke ziwiri, pakuti mphika uli ndi makutu awiri.

Chachiwiri ndi epuloni ya matumba. Tengani nsalu yotalika mainchesi 24 ndi yotambalala mainchesi 22. Pindani mainchesi 7 kuchokera pansi kumka m'mwamba, musoke m'mbali, ndipo musoke mizere iwiri yotsika kuti pakhale matumba atatu. Kumwamba sokererani lamba wotalika mokwanira kuzungulira chiuno ndi kumanga. Kudimba, m'matumbamo mumakhala mbewu, mpeni ndi nsanza zomangira matimati. Kumsika mumakhala ndalama, ndipo manja amatsala omasuka. Ndi bwino kukhala nazo ziwiri, kuti ya kudimba isalowe kukhitchini. Amuna nawonso imawakhala bwino.

Chachitatu ndi nsalu yophimbira chakudya. Idulidwe mozungulira, yoposa lichero ndi chikhatho chimodzi mbali zonse. Popinda mpendero wake, tsekeranimo timiyala tosalala 6 kapena 8 motalikirana, kuti mphepo isaiulutse. Ntchentche zimene zimachokera kuchimbudzi ndi kudzala zimatera pa chakudya cha ana, ndipo ndizo zimafalitsa matenda otsekula m'mimba. Nsaluyi ichapidwe ndi sopo tsiku lililonse imene yagwira ntchito, ndipo iume padzuwa.

CHIGUMU CHA MUMPHIKA

Tsono tafika pa fuwa lachitatu. Mkoko wa nthochi ukapsa, umapsa wonse pamodzi, ndipo zambiri zimaola kapena kugulitsidwa motaya. Nthochi yakupsa kwambiri, ya mawanga akuda, imene wogula amaikana, ndiyo yabwino koposa pa chigumu, chimene ena amachitcha chikondamoyo. Ili ndi shuga wakewake, kotero kuti wa m'sitolo amafunika wochepa kapena osafunika konse.

Muyeso wake ndi uwu: makapu 2 a mgaiwa wosefa, theka la kapu ya nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, nthochi zakupsa 5, supuni yaing'ono imodzi ya soda, yosadzaza, mchere wotapa ndi zala zitatu, masupuni aakulu 2 a mafuta, ndi kapu imodzi ya chambiko. Dzira limodzi likapezeka, chigumu chimagwirana bwino. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa mtima wa chimanga ndi gaga zikadali momwemo. Nsinjiro ndi soya zimamanga thupi la mwana. Koma mtedza wofota, wobooka kapena wa chuku muutaye musanasinje, pakuti chuku ali ndi poizoni amene moto sumupha.

Ambiri amadandaula kuti chigumu chawo chimawawa soda ndipo sichitupa. Chifukwa chake n'chakuti soda satupitsa ali yekha. Afuna chinthu chowawasa kuti atulutse mpweya umene umakweza ufa. Ndiyo ntchito ya chambiko. Popanda chambiko, thirani madzi a ndimu imodzi m'kapu ya madzi kapena ya mkaka, kapena gwiritsani madzi a malambe kapena a bwemba. Kuchulutsa soda sikuthandiza. Kumangodetsa chigumu ndi kuchipatsa fungo la sopo.

Yambani ndi moto, ufa usanakhudze madzi. Kolezani makala kapena nkhuni zolimba mpaka malawi atatha. Nyenyani nthochi m'mbale, muthiremo chambiko, mafuta ndi dzira. M'mbale ina sakanizani ufa, nsinjiro, mchere ndi soda, kuti soda afalikire ponseponse. Tsono phatikizani ziwirizi, mutakase pang'ono chabe mpaka ufa wouma usaoneke. Zikhale zolimba kuposa phala, zofewa kuposa nsima. Zikangosakanizidwa zisadikire, chifukwa mpweya uja umayamba kutuluka nthawi yomweyo.

Mphika mukhale mutaupaka mafuta, kapena mutayalamo tsamba la nthochi lowamba pamoto kuti lifewe. Thiranimo kufika theka lokha. Vundikirani ndi chitsulo chophwatalala, choyera, chopanda utoto, chimene sichinasungepo mankhwala. Lamulo la moto ndi ili: wochepa pansi, wambiri pamwamba. Pa magawo atatu a makala anu, limodzi likhale pansi ndipo awiri akhale pa chivundikiro. Amene moto wapansi umamuvuta atenge mphika waukulu, athiremo mchenga woyera wokuya zala ziwiri, autenthetse, ndipo akhazike chitini cha chigumu pamchengapo. Pofuna kuyesa kutentha, wazani kaufa pang'ono m'katimo: kakada pomwepo, moto wachuluka, kakafiirira pang'onopang'ono, uli bwino.

Musavundukule isanathe mphindi 25. Pa mphindi 35 kapena 45 bayani pakati ndi kamtengo koyera, ndipo kakatuluka kouma, chapsa. Apa ndi pamene zogwirira zija zimagwira ntchito, pochotsa chivundikiro cha makala popanda kugwetsera phulusa m'chakudya. Chizizire pang'ono mumphika momwemo, kenaka muchikhuthulire palichero ndi kuchiphimba ndi nsalu.

Mbatata yofiira m'kati nayonso imalowa m'zophika za ufa wa tirigu. Tirigu amalimidwa pang'ono chabe kuno, kumapiri monga ku Tsangano ndi ku Neno, ndipo wambiri amene timadya amachokera kunja. Ndicho chifukwa chake ufa wake ndi wodula. Pa masikono kapena mandasi, m'malo mwa makapu 3 a ufa wa tirigu, tengani makapu 2 a ufawo ndi kapu imodzi ya mbatata yophika ndi kunyenya. Chepetsani madzi ndi shuga, popeza mbatata ili nazo kale. Zimatuluka zofewa, za maonekedwe okoma, ndipo ufa wogula umakhalitsa.

KUWERENGA PHINDU

Amene afuna kugulitsa ayambe wawerenga. Lembani mtengo wa chilichonse chimene chalowa: soda, mafuta, mchere, makala, ngakhale ufa ndi nthochi za pakhomo, poziyesa pa mtengo wa kumsika. Chigumu chimodzi chidulidwe zidutswa zofanana, monga 12, ndipo gawani ndalama zonse zija ndi 12 kuti mudziwe chimene chidutswa chimodzi chadya. Mtengo wogulitsira ukhale pamwamba pa pamenepo. Ambiri amagulitsa miyezi itatu, mpamba n'kutha osadziwa kumene wapita, chifukwa ndalama ya mpamba ndi ya phindu zinali m'mfundo imodzi ya chitenje. Sokani timatumba tiwiri, kena ka mpamba kena ka phindu, ndipo ka mpamba kasatsegulidwe pogula mchere wa pakhomo.

Tipemphanso kuti ana ayambe adya, msika ubwere pambuyo. Mwana wopita kusukulu ndi chidutswa cha chigumu cha nsinjiro amamva zimene aphunzitsi ali kunena koposa wopita chimimba chili pululu. Si nzeru kugulitsa zonse zabwino za m'dimba ndi kugulira mwana zotsekemera za m'mapepala.

Kwa abambo tinena mawu awa: ntchito zimene tafotokozazi zikagwera mayi yekha, amene ali kale ndi mtondo, chitsime ndi nkhuni, sizidzatheka. Kumanga mpanda, kutipula mabedi, kututa manyowa ndi kukumba chitsime cha kudimba zikhale zanu. Ana a sukulu, anyamata ndi atsikana omwe, aphunzitsidwe misoko iwiri ija pa tchuthi. Mwana wa zaka 10 akhoza kusoka kathumba ka mbewu madzulo amodzi. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, mabanja 5 kapena 6 oyandikana akhoza kugwirizana kugula sizasi imodzi yabwino, ndi kumasinthana mbewu, kuti amene mpiru wake walephera chaka chino akapeze kwa mnzake.

NTCHITO MWEZI NDI MWEZI

Mu Epulo ndi Meyi sonkhanitsani njere za maungu, therere, khobwe ndi bonongwe za kumunda, musoke timatumba, mumange mpanda ndi kufesa nazale yoyamba. Mu Juni ndi Julayi, nyengo yozizira imene mpiru, repu ndi anyezi zimakondwa, okerani ndi kufesa kachiwiri. Madzulo ake ndi abwino kusoka epuloni ndi zogwirira mphika. Mu Ogasiti ndi Seputembala sankhani mitengo ya mbewu ndi kuimanga kansanza, ndipo mufutse ndiwo zotsala. Mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, umitsani njere zonse, mutseke chitini, ndipo musamale kholowa wa kudimba kuti akhale wokonzeka kupita kumunda.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Amene sanasokepo ayambe sabata ino ndi kathumba kamodzi, ndipo athiremo njere za dzungu limene banja lidye mawa. Pamene pavuta, funsani mlangizi wa kwanuko, ndipo pa msonkhano wotsatira wa alimi mubwere ndi timatumba tanu kuti anzanu adzaone ndi kutengerapo chitsanzo.